Nkhosa Imene Alonda Anakweza Okha pa Ngolo

Kodi mungalote kumene nkhosa ya Alhaji Wuyeh Ceesay inkagona masiku onse amene apolisi ankaifunafuna m'misika ya ziweto, khonsolo nayo ikukonzeka kuthetsa gulu la alonda a ku Sibikoto chifukwa cha nkhosa yomweyo? Sankhani malo anu mumtima, muwasunge kaye.

Nkhosayo inachoka Lolemba, tsiku la msika, dzuwa likuswa mtengo. Chikondwerero cha Asilamu cha Tobaski chinali pafupi, nyengo imene bambo aliyense amafuna nkhosa yamphongo yoti azinge, ndipo akuba nawonso amadziwa zimenezo. N'chifukwa chake alonda a ku Sibikoto ankayendera makomo ngakhale masana, eni ake ali kumsika kapena kudimba. Tsiku limenelo anaiona ndithu nkhosayo ikutuluka pachipata cha Alhaji. Sanangoiona chabe. Anaigwira miyendo, kuinyamula ndi kuikweza bwinobwino pa ngolo ya bulu, mtsogoleri wawo n'kupereka chingwe chake chomwe kuti isagwe panjira.

Khansala wa derali, mayi Jonsaba Darboe, anaimva nkhaniyi sabatayo ikutha, akuthirira anyezi m'dimba la amayi. Amene anawaimbira foni anali Sajeni Badjie wa kupolisi.

"Mayi khansala, ana anu aja akula," anatero Sajeni. "Kale ankathamangitsa akuba. Tsopano akuwathandiza kusenza katundu."

Mayi Jonsaba anaseka, poti Sajeni anali munthu wanthabwala. Koma iye sanaseke nawo. Anawauza kuti Alhaji anakadandaula kupolisi, nkhani yafika kale ku khonsolo, ndipo komiti ya chitetezo ikhala Lachinayi. Wapampando wake, bambo Sanneh, ankafuna kuti alonda a ku Sibikoto abweze malaya onyezimira, matochi ndi mawenzulo amene khonsolo inawapatsa, gululo lithe.

Mayi Jonsaba anatula chidebe pansi. Gulu limeneli analivutikira. Lisanakhazikitsidwe, munthu akangofuula kuti wakuba, anthu ankatuluka ndi zibonga, n'kumafunsa mafunso munthu atagona kale pansi. Mlendo wina amene ankangofuna nyumba ya mlamu wake anachoka m'mudzimo mano akutsogolo atatsala mumchenga. Zitachitika zimenezo, mayi Jonsaba anayenda maulendo ambiri kupolisi ndi ku khonsolo mpaka pangano linapangidwa. Alonda aziona, aziliza wenzulo, azigwira munthu osamumenya. Apolisi azibwera kudzamutenga. Khonsolo iziyang'anira onse awiri kudzera m'komiti ya chitetezo, imene iwonso anali membala wake. Ankadziwa bwino kuti gululi likatha, zibonga zituluka kuseri kwa zitseko kumene zinasungidwa. Koma ankadziwanso kuti ntchito yawo sinali yoikira alonda kumbuyo. Ntchito yawo inali yowayang'anira, ndipo ngati analidi zitsiru zoti wakuba n'kuzituma, anayenera kukanena okha pamaso pa komiti.

M'mawa mwake anaitana mtsogoleri wa alondawo, a Karafa Touray, kuti akumane pachipata cha Alhaji, pomwe panachitikira zinthu. A Karafa anali kalipentala, munthu wa mapewa aakulu ndi mawu aakulu, koma tsiku limenelo anafika atazolika ngati mwana woswa mbale. Alhaji anali atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi chikhomo chopanda nkhosa. Anali nkhalamba yayitali, yoonda ngati munsi, mkanjo ukulendewera pa iwo monga umalendewera pa msomali.

Atapatsana moni ndi kufunsana za ana, za ziwalo ndi za kutentha, mayi Jonsaba anayamba.

"A Karafa, ndikufuna mundiuze zimene munthuyo ananena. Osati mwachidule ayi. Mawu ake enieni."

"Pamaso pa Alhaji?"

"Mwayamba liti kuchita manyazi ndi a Ceesay?"

"Lankhula, kapolo iwe," anatero Alhaji. "Nkhosa yanga unaipereka kale. Chatsala n'chiyani choti uope?"

A Ceesay ndi a Touray ndi pachisuweni kuyambira kalekale, chimene ife timati sanawuya. Touray akakumana ndi Ceesay, ngakhale asadziwane, ngakhale wina akhale wa ndevu zoyera, amatchulana kapolo, amanenana kususuka, ndipo palibe wokwiya. Msuweni wotere akhoza kukulanda nsapato kapena nkhuku, iwe n'kupita kukaombola ndi mtedza wa kola, anthu akukuseka. Choncho a Karafa atamva Alhaji akuwatchula kapolo, mtima unakhalako pansi. Anaima pachipata, nakhosomola.

"Anafika pa ngolo, munthu wamfupi, wa kachipewa kofiira. Sanacheuke uku kapena uku ngati wakuba. Anangoima apa n'kufuula kuti, 'Wuyeh Ceesay, kapolo wa agogo anga, tuluka. Wabisala pansi pa bedi? Mimba yakoyo ikwana pamenepo?'"

Alhaji anayang'ana pamimba pawo. Panalibe choti munthu aone.

"Pitirizani," anatero mayi Jonsaba.

"Anati, 'Unadya benachini wanga mbale ziwiri, mpunga wonse ndi nsomba zomwe, mpaka unaiwala mzuli wako pamphasa. Mzuliwo ndasunga. Lero ndatenga nkhosa yanga imene umandiwetera. Ukaifuna ubwere ndi kola, udzagwade.' Ife tinaseka, mayi. Mukanakhalapo mukanaseka nanu. Pakhomo panalibe munthu, Alhaji anali kuchipatala, amayi ali kumsika. Nkhosa ija inkamuvuta kukweza, ndiye tinati Touray mnzathu asavutike yekha."

"Benachini ine?" anafunsa Alhaji. "Adokotala anandiletsa mafuta kalekale. Ndimamwa phala la mapira ngati khanda. Ndipo mutu wanga sunaonepo dzuwa chibwerereni ku Haji ku Maka. Mzuli wanga ndi uwu."

"Nanga bwanji munachedwa kupita kupolisi, Alhaji?"

"Ndinkadikira, mwana wanga. Touray akakulanda chinthu sakhala chete. Amadzitama mpaka uthenga umakupeza dzuwa lisanalowe. Ndinagula ndi kola yemwe. Koma kunali zii. Ndipamene ndinadziwa kuti ndaberedwa."

Mayi Jonsaba anayang'ana chikhomo chija. Chipongwe cha pachisuweni sichigulidwa chosokasoka. Chimasokedwa poyeza mwini wake. Wakuba wofuna kupusitsa alonda akanangonena za ukapolo ndi kususuka, mawu okwana Ceesay aliyense. Koma uyu anali ndi mimba, mbale ziwiri ndi mzuli wotsala pamphasa. Ankanena munthu weniweni, ndipo munthuyo sanali Alhaji.

"A Karafa, nyumba ino anaidziwa bwanji?"

A Karafa anakanda kumutu. "Anatifunsa ife, pamphambano paja. Anati, 'Kwa Wuyeh Ceesay n'kuti?' Tinamuperekeza."

"Ndiye kuti munamulondolera, kenako munamukwezera."

"Zikumveka moipa mukamazinena choncho."

"Nanga ku Sibikoto kuno Wuyeh Ceesay ndi mmodzi?"

Alhaji ndi amene anayankha pang'onopang'ono. "Telala. Mwana wa achimwene anga aakulu. Dzina tinatengera kwa munthu mmodzi."

Zinalidi choncho. Kuseri kwa mjigo watsopano kunali telala amene aliyense ankangomutchula kuti Telala, mpaka dzina lake lenileni linatsala m'kamwa mwa mayi ake okha. Ameneyo mimba anali nayo yokwanira anthu awiri.

A Karafa anayamba kumwetulira, koma mayi Jonsaba sanawalole kufika patali.

"Musaseke msanga. Munamufunsa dzina munthuyo?"

"Anati ndi Touray."

"Touray wa kuti? Mwana wa yani?"

"Sindinamufunse," anatero a Karafa.

"Akanakhala Jallow kapena Manneh mukanamufunsa mpaka dzina la bulu wake. Koma chifukwa anatukwana Ceesay mokoma, inu a Touray munaiwala kuti mwavala malaya a khonsolo. Zimenezi ndikazinena Lachinayi, kaya nkhosa ipezeka kaya sipezeka."

"Mukanene, mayi. N'zoona."

Kwa Telala anapitako okha. Anamupeza atakwiririka m'nsalu za Tobaski, makina akulira, tepi ili m'khosi, amayi atatu atakhala pabenchi kulondera madiresi awo. Panja pa shopu, nkhosa yake yamphongo inkatafuna masamba ouma a mtedza mosatekeseka.

"Mayi khansala, diresi lanu silinathe. Mwabwera msanga."

"Sindinabwerere diresi. Mzuli wanu uja wa ulusi wagolide uli kuti?"

Telala anaimitsa makina. "Wakuuzani ndani?"

Mayi Jonsaba anamufotokozera zonse, kuyambira pamphambano mpaka pa ngolo. Telala anamvetsera maso ali tong'o. Atamva za chingwe cha a Karafa anayamba kuseka. Anaseka mpaka mimba inagwedeza tebulo, mabatani n'kumwazika pansi, misozi ikutsika. Amayi a pabenchi aja anaseka nawo asanamve n'komwe mutu wa nkhani.

"Ndiye kuti chitsiru chija chikudyetsa nkhosa ya bambo anga aang'ono, n'kumadikira ine kuti ndikagwade?"

"Ndi ndani?"

"Ndinasokera banja lake lonse zovala za tsiku lopatsa mwana wake dzina. Anandiitana, ndinapita, ndinadya. Mbale inali imodzi, mayi, yachiwiriyo inali yaing'ono."

"Ndafunsa dzina lake."

"Aaa, ayi. Mlekeni aidyetse. Nkhosa ya Alhaji sidya udzu wamba. Imafuna masamba a mtedza ndi gaga wothira mchere. Touray alire kaye."

"Bambo Ceesay, si nkhani yoseka yokhayokha. Lachinayi khonsolo ithetsa gulu la alonda. Shopu yanu ino, ndi nsalu za anthu zonsezi, amakuyang'anirani ndani mukapita kukapemphera?"

Telala anapukuta maso ndi kansalu. Anaoneka kuti wamva, koma chimwemwe chinali chisanamuchoke pankhope.

"Lachinayi, mwatero? Ku khonsolo?"

"Inde."

"Ndiye ndibwera ndekha. Ndidzamutchula ndi pakamwa panga, anthu ali pomwepo. Mwayi wotere Mulungu sapereka kawiri. Ndikakuuzani lero, Sajeni akamutenga mwakachetechete, ine osaona nkhope yake."

"Sajeni akhoza kukufunsani mwa njira ina."

"Andimange. Diresi la mkazi wake ndi ilo, lilibe manja. Adzalimaliza yekha."

Mayi Jonsaba sanamukakamize. Anadziwa kuti akamukakamiza, munthuyu auma ngati chikopa, ndipo chinthu chimene chinayamba ngati masewera chisanduka mlandu weniweni pakati pa mabanja awiri. Anamupangitsa kulonjeza pamaso pa amayi atatu aja kuti adzafika m'mawa, komiti isanayambe. Telala analonjeza mosavuta, monga amalonjezera telala aliyense sabata ya Tobaski. Zimenezo n'zimene zinawadetsa nkhawa mayi Jonsaba ali panjira yobwerera.

Lachinayi anakwera minibasi ya m'mawa kupita kuboma, iwo, Alhaji ndi a Karafa, amene ananyamula malaya awo onyezimira atawapinda bwino pamiyendo. Podutsa pa mjigo anaona shopu ya Telala ili yotsegula, makina akulira. Mayi Jonsaba anatulutsa mutu pawindo, Telala n'kungokweza dzanja kuti akubwera.

Chipinda cha komiti chinali chotentha. Magetsi kunalibe, choncho anatsegula mawindo. Panja nkhosa zinkalira, monga zinkalirira paliponse m'tauni sabata imeneyo, pamadenga a minibasi, kuseri kwa masitolo ndi m'mipanda ya maofesi. Bambo Sanneh, wapampando, anali mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, munthu wosakonda phokoso ndiponso wosakondera. Makhansala ena anakhala mbali zonse za tebulo, Sajeni Badjie ali kumapeto, chipewa chili pabondo. Mpando umene mayi Jonsaba anasungira Telala pafupi ndi chitseko unali wopanda munthu.

Atapemphera, bambo Sanneh ananyamula malaya a a Karafa ndi zala ziwiri.

"Malaya awa tinawapereka kuti munthu akawaona adziwe kuti kumbuyo kwake kuli khonsolo. Lero malaya a khonsolo anyamula nkhosa ya munthu. Mawa adzanyamula chiyani? Tatsekani windo ilo, sitikumvana."

Wina anatseka windo. Kulira kwa nkhosa kunachepa, kutentha n'kuwonjezeka.

Mayi Jonsaba anaimirira. Sanayambe ndi kupepesera alonda. Ananena poyera kuti analakwa, kuti analondolera mlendo kunyumba yopanda munthu, ndipo anamukhulupirira chifukwa cha dzina la makolo ake basi. A Karafa ankamvetsera thukuta likutsikira m'khosi. Kenako mayiwo anafotokoza za mimba, za mzuli ndi za Wuyeh Ceesay wachiwiri. Makhansala ena anayamba kumwetulira. Khansala wina wa kwa Ceesay ananong'ona kuti nzeru za a Touray zimathera pomwepo, mnzake wa kwa Touray n'kumuponda phazi pansi pa tebulo.

"Chimene ndikupempha ndi ichi," anatero mayi Jonsaba. "Gulu lisathe, koma pangano lathu liwonjezedwe. Chiweto kapena katundu asatuluke pakhomo la munthu mwini wake kapena wa m'nyumba mwake asanalankhule, ngakhale wotengayo akhale msuweni wa mtundu wanji. Ndipo mlonda amene ali ndi dzina limodzi ndi mlendo aziima pambali, afunse mnzake."

A Karafa anakweza dzanja mwamantha. "Pepani, a wapampando. Ndiye kuti sanawuya yatha ku Sibikoto?"

"Sinathe," anayankha mayi Jonsaba. "Tukwananani mpaka dzuwa lilowe. Koma nkhosa izidikira mwini wake."

Bambo Sanneh anafunsa maganizo a apolisi. Sajeni Badjie anatembenuza chipewa chake pabondo.

"Bwana, ine ndi amene ndinabweretsa nkhaniyi, ndipo sindikuibweza. Anachita zopusa. Koma chiyambireni gulu ili, akuba a ku Sibikoto amafika kwa ine akuyenda okha, mano onse ali m'kamwa. Kale ndinkayamba ndawapititsa kuchipatala. Anyamata anga ndi ochepa, njinga yamoto ndi imodzi. Mukawachotsa awa, musandifunse za Sibikoto."

"Ndamva," anatero bambo Sanneh. "Lamulo lanu ndi labwino, mayi Darboe, koma lamulo limafuna anthu oti alisunge. Mwatiuza nkhani yokoma ya mimba ndi mzuli. Mwina ndi yoona. Mwinanso wakubayo anangomva nkhani ya mzuli kumsika n'kuigwiritsa ntchito. Nkhosa palibe, woitenga palibe, mboni yanu palibe. Ine ndingauze chiyani khonsolo yonse?"

Mayi Jonsaba anayang'ana mpando wopanda munthu uja. Zimene ananena wapampando zinali zotheka ndithu, ndipo iwonso anali ataziganizira.

"Tikambirane nkhani ya magetsi a mumsewu wa kumsika," anatero bambo Sanneh. "Tikaimaliza tivota, mboni ibwere isabwere."

Nkhani ya magetsi, imene masiku ena inkatenga m'mawa wonse, tsiku limenelo inayenda ngati madzi. Mayi Jonsaba anafunsa mafunso awiri amene mayankho ake ankawadziwa kale. Bambo Sanneh anawayang'ana pamwamba pa magalasi, koma anawayankha moleza mtima. Alhaji anali atatsinzina, akuwerenga mikanda yawo yopempherera.

Wapampando atangotsegula pakamwa kuti aitanitse mavoti, panja panamveka thirakitala ya zinyalala ikulowa pachipata cha khonsolo, kuchokera kumsika. Pamwamba pa phokoso lake panamveka mawu amene anthu a ku Sibikoto akanawazindikira ngakhale ali m'tulo.

"Dembo Touray! Kapolo wa zinyalala, tsika pamenepo!"

Bambo Sanneh sanatseke msonkhano, koma anthu anali atayamba kale kutuluka, ndiye nawonso anatsatira.

Pabwalo, Telala anaima kutsogolo kwa thirakitala, tepi ikadali m'khosi, tiulusi tili pamkanjo. Anali atadikira pachipata kuti munthu wake abwere kuchokera kuntchito. Woyendetsa thirakitalayo, munthu wamfupi wa kachipewa kofiira, anazimitsa injini n'kutsika, mano onse ali pamtunda.

"Wabwera, kapolo wanga? Mtima wako ndi wouma ngati mwala. Ndinayesa waiwala kuti uli ndi nkhosa. Kola ali kuti? Gwada apa, mabwana onsewa aone."

"Ndigwadire chiyani?"

"Nkhosa yako."

"Nkhosa yanga ndaisiya kunyumba, ikudya. Yakupatsa moni."

Dembo anaseka, koma kusekako kunathera panjira. Anayang'ana Telala, kenako gulu la anthu, mpaka maso ake anagwera pa a Karafa.

"Achimwene, si inu munandilondolera? Muuzeni wabodzayu."

"Ndi yemweyu, a wapampando," anatero a Karafa ndi mawu otsika.

Pamenepo Alhaji anayenda pang'onopang'ono mpaka kuima pamaso pa Dembo. "Ine ndine Wuyeh Ceesay wa ku Sibikoto. Ndamva kuti ndinadya benachini wako."

Dembo anawayang'ana kuyambira pa mzuli mpaka kumapazi, n'kubwereranso m'mwamba. Anavula kachipewa kake. Lisanafike tsiku lotenga nkhosa lija, ku Sibikoto anali asanafikeko chiyambire, ndipo Telala ankangomudziwa pa nsalu ndi pa mbale.

"Alhaji, bambo anga, Mulungu ndi mboni. Ndinafunsa kwa Wuyeh Ceesay, anandiperekeza a malaya a khonsolo. Ndinkadabwa kuti telala angawete bwanji nkhosa yaulemu chotere. Udzu imakana. Yandithera masamba a mtedza onse, ana anga akumwa tiyi wopanda mkaka chifukwa cha iyo."

"Ndinailera choncho," anatero Alhaji. "Si nkhosa ya a Touray."

Telala anali atatsamira thirakitala, akulephera kuima chifukwa cha phwete. Ngakhale bambo Sanneh anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira.

Sajeni Badjie anayandikira. "Alhaji, dandaulo lanu lili kwa ine. Lamulo silidziwa za chisuweni. Mukati munthuyu anakuberani, ndimutenga pompano."

"Unaonapo Ceesay akumangitsa kapolo wake? Akamangidwa azinditumikira ndani? Sanabe, anasokera. Koma kola ndinagula uja ndidya ndekha. Iyeyu abwere ndi wake kunyumba kwanga, adzagwade pachipata pomwe anafuulira paja."

"Ndi mzuli wanga," anawonjezera Telala.

"Mzuli ukaombole," anayankha Dembo msangamsanga. "Umenewo sindinasokere."

Bambo Sanneh anati popeza mamembala onse anali pomwepo, ndipo pamthunzi pa khonde panali pozizirirapo kuposa m'chipinda, avotere pomwepo. Gulu la alonda a ku Sibikoto likhale. Lamulo la mayi Darboe lilowe m'pangano, ndipo lipite kwa alonda a madera ena onse a khonsolo. A Karafa achenjezedwe, ndipo Tobaski ikapita mayi Darboe ndi Sajeni adzafotokozere komiti ngati lamulolo likusungidwa. Manja onse anakwera. Wapampando anatenga malaya onyezimira aja n'kuwapereka kwa mwini wake, ulendo uno ndi manja awiri.

"Bambo Touray, mukadzamva munthu akutukwana Ceesay mokoma, mudzaseke. Mukamaliza kuseka, mudzamufunse dzina la bambo ake."

A Karafa anavala malayawo pomwepo, padzuwa, ngakhale kunkatentha. Mayi Jonsaba anakhala pamasitepe a khonde n'kumasula mpango wa kumutu pang'ono kuti mphepo ilowe. Anamva njala kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. Ankaganiza kale za mmene akafotokozere lamulolo kwa alonda enawo, makamaka a kwa Ceesay, amene akanafuna kubwezera a Touray Tobaski isanathe. Inali ntchito, koma ntchito ya mtundu umene iwo ankaukonda.

"Zonsezi ndamva, ndipo ndathokoza," anatero Alhaji. "Koma nkhosa yanga ili kuti?"

"Kumene ndimakhala n'kwa lendi, bambo, kulibe mpanda," anayankha Dembo. "Ndinaopa akuba. Ndinaisunga pamalo otetezeka kuposa onse m'boma lino."

Anatsogola, anthu onse akumutsatira, Sajeni ndi wapampando ali pambuyo. Sanatuluke pachipata. Anangozungulira nyumba imene anatulukamo ija.

Nkhosa ya Alhaji Wuyeh Ceesay inali kuseri kwa ofesi ya khonsolo, itamangidwa ku tayala la galimoto yakufa, pansi pa windo la chipinda cha komiti ya chitetezo, ndipo inali pomwepo chichokereni ku Sibikoto.